Kwa Mwana Wanga Wopita Kukaphunzira za Chuku

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza mawa m'bandakucha unyamuka kuno kwa Sandwe kukakwera basi ku Petauke, ulendo wa ku University of Zambia, ndati ndilembe mawu amene pakamwa pangalephere kutulutsa amako ali kulira.

Tsiku lija unatifotokozera kuti ukatenga makoko a mango, a malalanje ndi a nthochi zonga za ku Nyimba, nuwaumitsa, nuwapera, nuwanyowetsa pang'ono, nufesamo chuku chakuda chotchedwa Aspergillus niger, kuti chikagonera masiku angapo pamalo ofunda chitulutse pectinase, enzyme imene imafewetsa mnofu wa chipatso kuti madzi ake atuluke ambiri ndi oyera, abale ena anaseka nati mwana apita kukaphunzira kuwoletsa zinthu. Ine sindinaseke, pakuti chaka ndi chaka, mvula ikagwa, mtima umandiwawa poona mango akuwolera pansi pa mitengo, nkhumba zitakhuta n'kuwasiya.

Usaiwale kuti nzeru imeneyi siyachilendo pakhomo pano. Agogo ako, pothira chimera m'phala la thobwa kapena posinja mizu ya munkoyo, ankadikira kuti phala lizizireko, podziwa kuti moto wambiri umapha mphamvu ija yosandutsa phala lolimba kukhala madzi otsekemera. Mphamvuyo aphunzitsi ako adzaitchula amylase, ndipo adzakuuza za Jokichi Takamine wa ku Japan, amene mu 1894 anaitulutsa m'chuku chomera pa gaga wa tirigu. Uwamvere ndi ulemu, koma agogo ako usawachite nawo manyazi.

Wanena wekha kuti kukolola ndiko kovuta: kuthira madzi, kusefa, kukhazikitsa enzyme pansi ndi mchere wa ammonium sulphate, ndi kuisunga pozizira kuti ingafe. Pamenepo udekhe, mwana wanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ntchito ikakanika, ulembe m'buku kuti yakanika, osawonjezapo nambala yokondweretsa mphunzitsi.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi: chuku chako chili ndi mbale wake, Aspergillus flavus, yemwe amamera pa nsawawa zathu ndi pa chimanga zikasungidwa zisanaume, natulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi. Chotero usakhulupirire maso okha. Uziphika ziwiya zako, uzisamba m'manja, uzilemba dzina pa botolo lililonse, uzitseka mphuno ndi pakamwa potsegula chuku, ndipo chimene sunachiyese bwino usachipereke kwa munthu kuti alawe.

Pa tchuthi cha Disembala mango adzakhala atapsa. Ndidzakuumitsira makoko pamphasa monga unandisonyezera. Amako aika nsawawa zokazinga m'thumba, zosankhidwa imodziimodzi. Ukawoloka Luangwa utiimbire foni, ndipo Ambuye akusunge potuluka ndi polowa.

Ndine atate wako.