Madzi saiwala khwawa

Kwathu ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, munthu akaima pagombe amaona Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Koma wopita ku Lusaka amadalira msewu umodzi, wa makilomita pafupifupi 90, wokafika pa mlatho wa Luangwa. Msewuwo ukaduka pa dzinja, mayi wodwala pakati safika ku chipatala cha Katondwe. N'chifukwa chake ine, amene mwana wa mlongo wanga akutsiriza zaka 5 za uinjiniya wa misewu ndi milatho pa University of Zambia, ndimadzifunsa kuti digiri yakeyo ikutilonjeza chiyani.

Choyamba ndi masamu. Mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968 umayenda mamita 222 popanda mzati pakati, utapachikika pa zingwe zazitsulo. Amene anaupanga anayamba awerengera kulemera kwa malole, mphamvu ya mphepo ndi kufutukuka kwa chitsulo pa dzuwa la Okutobala. Wophunzira wosadziwa zimenezi asapatsidwe chipewa.

Chachiwiri ndi kudziwa madzi. Timitsinje ta m'chigwa chathu timakhala mchenga wokhawokha m'chilimwe, koma mvula ya usiku umodzi imatidzaza mpaka kukokolola makalavati. Zambezi nayenso ali pakati pa madamu awiri, Kariba wa 1959 kumtunda ndi Cahora Bassa wa 1974 kumunsi, ndipo Kariba akatsegula zipata, madzi amakwera pagombe lathu ngakhale kunja kuli ngwee. Injiniya wanzeru amayesa dothi, amawerenga kaundula wa mvula, kenaka amavula chipewa n'kufunsa agogo a m'mudzi kuti chigumula chachikulu chinalekezera pa mtengo uti. Paja madzi saiwala khwawa, ndipo safunsa anadya phula.

Chachitatu, chimene chimandisowetsa tulo, ndi kukhulupirika. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake imayesedwa pa tsiku la 28. Kontirakitala wofulumira adzanyengerera mnyamatayu kuti asaine ntchito isanakhwime, kapena kuti atsinzine pamene matumba a simenti akuchepetsedwa. Bungwe la Engineering Institution of Zambia limalembetsa mainjiniya ndi kulanga olakwa, koma silikhalapo nthawi imene envelopu ikuperekedwa kuseri kwa galimoto. Pamenepo mphunzitsi ndi chikumbumtima chimene mwana anachoka nacho pakhomo pa makolo ake.

Makolo anzanga, aphunzitsi a ku yunivesite adzagwira mbali yawo pa masamu ndi pa madzi. Mbali yachitatuyi ndi yathu. Mwana amene tinamuphunzitsa kubweza chenje chonse akatumidwa kumsika ndiye adzakane kusaina mlatho wofooka, ngakhale kukanako kutamuchotsetsa ntchito. Amene adzawoloke pamenepo sadzamudziwa dzina, koma adzafika kwawo amoyo.