Tala wakale satayidwa ku Durban

Usiku magalimoto akachepa mumzinda wa Durban, chimakina cha mano achitsulo chimayamba kukukuta msewu. Chimapala tala wakale ngati mayi akupala nkhoko mumphika, n'kumalavulira zidutswa zakuda m'lole yoyenda patsogolo pake. Kumbuyo kwake kumabwera bambo wina wa ku Mangochi, amene analowa ntchito ya misewu atangofika ku Joni ali mnyamata. Anayamba ndi tsache ndi fosholo. Lero ndi kapitawo, ndipo kachipangizo koyezera kutentha sikachoka m'thumba mwawo.

"Ndikuyamba kumene, zopalidwazi tinkaziyesa zinyalala," amatero bambowa. "Bwana wina amene ndinkamugwirira ankatituma kukazikhuthula kuthengo, pafupi ndi mtsinje. Ndikakumbukira mtima umandiwawa."

Chimawawawa n'chakuti tala si kanthu kena koma miyala ya kwale ndi mchenga zomatidwa ndi phula. Pa makilogalamu 100 alionse, phula limangokhala pafupifupi makilogalamu 5, koma ndilo lodula kuposa zonse chifukwa limachokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Msewu ukakalamba, miyalayo imakhala idakali yolimba, ndipo phula, ngakhale lauma ndi dzuwa, silinafe. Wotaya zopalidwazo amakagumulanso phiri kufuna miyala, n'kukagula phula lina. Ku Durban nkhaniyi inafika pamtima makamaka pomwe fakitale yoyenga mafuta ya Engen inapsa mu Disembala 2020, ndipo ya SAPREF inaima mu 2022. Phula lambiri tsopano limabwera pa sitima zapamadzi.

Koma kubwezera tala wakale mumsewu kuli ndi mwambo wake, ndipo apa ndi pomwe bambowa amalankhula mosatopa. Zopalidwazo amayamba aziphwanya ndi kuzisefa, zikuluzikulu pazokha, zing'onozing'ono pazokha. Mulu wake umafuna denga, chifukwa umamwa mvula n'kuisunga, ndipo wonyowa umadya mafuta ochuluka pouumitsa. Sauponya pa lawi la moto. Ukatero phula lakale limapserera n'kutulutsa utsi wabuluu woyabwa pakhosi. Amatenthetsa kwambiri miyala yatsopano, ndiyo imapatsira yakale kutentha posakaniza. Kenaka amathiramo phula lofewa kapena mafuta otsitsimutsa, kuti louma lija lifewe.

"Ndikabaya fosholo ndimadziwa," amatero. "Tala wabwino amatsetsereka, amanyezimira, mwala uliwonse utavala phula. Akamayoyoka ngati mchenga, loleyo ndimaibweza."

Chinanso chomwe chinasintha ntchito yawo ndi moto. Tala wa masiku onse amatuluka m'fakitale pa madigiri 150 mpaka 170. Boma la mzinda wa eThekwini linayesa tala wofunda chabe pa Brackenhill Road mu 2008, pa Leicester Road mu 2009, ndi pa Higginson Highway mu 2010, pomwe zosakaniza zina zinali ndi tala wakale wofika magawo 40 pa 100. Mankhwala pang'ono, kapena madzi ochititsa phula thovu, zimathandiza kuti phula likute miyala pa kutentha kotsika ndi madigiri 20 kapena 30. Fakitale imatentha mafuta ochepa, utsi wopita kumwamba umachepa. Kwa munthu woima kumbuyo kwa makina oyala tala, reki ili m'manja, phindu lake amalimva m'chifuwa ndi m'maso momwe. Amaweruka mutu usakuwawa.

Nkhani ya mapulasitiki bambowa amaidziwanso. Mu 2019 kampani ya Shisalanga inakonza msewu wa mamita oposa 400 ku Cliffdale, kunja kwa Durban, posungunulira m'phula mabotolo a mkaka pafupifupi 40,000. Amayamikira nzeruyo, koma amati msewu umayesedwa ndi zaka, mvula ndi malole olemera, ndiye iwo mtima wawo uli pa tala wakale amene amuona akupirira.

Akabwera kumudzi pa Khirisimasi, maso awo sachoka pansi. Malawi alibe fakitale yoyenga mafuta, choncho dontho lililonse la phula limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zosowa kale. Misewu yambiri ya kuno tala wake ndi wopyapyala, wosapalika mochuluka monga wa ku Durban, ndipo iwo amavomereza zimenezo. Komabe amati njira ilipo: makina amene amagaya msewu wowonongeka pomwepo, tala ndi miyala ya pansi pake, n'kusakaniza ndi phula lathovu ndi simenti pang'ono, osatenthetsa miyala konse. Kumbuyo kumatsatira chigudumu chopsinja ndi giledala, ndipo maziko atsopano amakhala apezeka popanda malole ambirimbiri opita ndi kubwera ku kwale.

Tsiku lina ali pa basi, anaona milu ya tala wogumulidwa itatayidwa m'mbali mwa msewu, udzu utayamba kale kumera pamwamba. Anausa moyo mpaka woyandikana nawo anafunsa ngati akudwala.

"Abale anga omanga misewu kwathu," amatero, "musanataye mulu umenewo, tengani thumba limodzi mukaliyezetse ku labotale. Phula limenelo dziko linalipira kale."