Kanyimbi pa Kabwata, osati ufiti

Mu Lusaka kanyama kalikonse koyenda usiku timakanamizira ufiti. Sabata yatha, pochoka ku show cha m'ma 02:00, ninakumana nako kumbuyo kwa ma flat pa Kabwata, mu dimba ya repu ya ba neba: kakuda, mizere yoyera kumsana, miyendo ifupi-ifupi. Kanaimika mchira, kusiya fungo yakuti perfume yanga yonse inagonja.

Kum'mawa ba neba anali atawaza kale mchere pa khomo, ati wina wawatumira. Ambuya anga ku Katete akanaseka mpaka misozi. Kumunzi kanyimbi ni wodziwika, ngakhale mwana amadziwa kuti ukamuona, mupatse njira.

Zoona, anapiye amagwira, na mazira omwe. Amene mumasunga ma broiler kuti mulipire renti, kudandaula kwanu nikumva. Koma chakudya chake chachikulu ni makoswe na tuzilombo. Manje mwaona makoswe a mu ma drainage yathu? Ena akulu monga mwana wa pusi, poizoni wa pa msika amadya ngati chiwaya.

Ba neba ninawauza chabe kuti agule waya wa tumaenje tung'ono, atseke khola mpaka pansi. Mchere asungire ndiwo.