Volume yeka siikwanila, imwe makolo

Ngati muli na mwana amene amavala kamashini ka m'khutu, khalani pansi mumve zanga, mwina simuzataya chaka chathunthu monga ine.

Mwana wanga wamkazi ali mu Grade 2 manje. Tinazindikila kuti samva bwino ali na zaka 5. Ndalama panalibe, ndiye alamu anga a ku Johannesburg anatitumizila hearing aid imene anali kuvala malemu atate awo. Tinaika batire, tinamuveka, volume mpaka kumapeto. Nikamuitana ali panja, atembenuka. Nyumba yonse chimwemwe, ati basi wachila.

Koma nikamutuma saladi pa kantemba, abwela chimanjamanja. Sopo amati "opo". Ku sukulu ba teacher ati mwana wanu ni wamwano, amva koma sayankha. Akabwela kunyumba amachotsa kamashini n'kukabisa pansi pa pilo. Ine kumukalipila, "Uziba mtengo wake iwe?" Mpaka lelo nikakumbuka mau amenewo mtima umaniwawa.

Amene ananitsegula maso ni audiologist, katswili wopima makutu, titapita ku Beit CURE kuno ku Lusaka. Ananionetsa pepala la audiogram, limene lionetsa mmene khutu limvela mau, kuchoka pansi pa 250 Hz kufika pamwamba pa 8,000 Hz. Mau okhuthala monga a, o, u mwana wanga amawamvako. Amene anataya ni tumau topyapyala twa pamwamba, s, sh na f. Tumau utu tulibe mphamvu, koma n'tumene tusiyanitsa liu na linzake. Chotsani s pa "saladi" muone chimene chitsala.

Kamashini kaja kanachunidwa pa khutu la nkhalamba, osati la mwana wanga. Ise pokweza volume tinali kukweza vonse pamodzi: hutala ya minibasi, mbale ku sinki, genset ya aneba, wailesi ya ku bala. Phokoso anali kulimva maningi. Mau ayi.

China chimene sininaganizileko: njila ya m'khutu la mwana ni yaing'ono, ndiye mau amodzimodziwo amamveka mwamphamvu kwambili mkati mwake kuposa mwa munthu wamkulu. Kubisa kuja pansi pa pilo sikunali mwano. Kanali kumupweteka.

Ati tinachita mwayi kuti kathu kanali kotheka kuchuna pa kompyuta, chifukwa twina tumene anthu amagula m'mashopu ntchito yake ni kukuza phokoso chabe. Analowetsa kachubu kakang'ono m'khutu kuti apime mau amene afikadi mkati, anakweza a pamwamba aja, a pansi n'kuwatsitsa, anaika malile kuti phokoso lisapitilile, kenako n'kutseka batani la volume. Poyamba ninadandaula, nati nanga akafuna kukweza? Anaseka chabe. Anaziba kuti wokweza ndine.

Anamupangilanso earmould yake, ija imene ilowa m'khutu, poyesa khutu lake lenileni. Mwana akamakula ija imayamba kukhwepa, ndipo mukamva kamashini kalila mluzu, nthawi zambili ni chizindikilo chakuti yachepa. Bwelelani nayo, osamata na selotepi.

Musaganize kuti vonse vinatha tsiku limenelo. M'kalasi yodzala ana, onse akamba nthawi imodzi, amavutikabe. Ninapita kukapempha ba teacher kuti azimukhazika kutsogolo, azimuyang'ana pokamba, osakamba atayang'ana ku bolodi. Anavomela, ngakhale masiku ena amaiwala.

Chimene nimachita m'mawa uliwonse asanavale yunifomu, na imwe mungachite, sichidya ngakhale ngwee imodzi. Nimaima kumbuyo kwake kuti asaone milomo yanga, n'kutchula mau 6 amene akatswili amawatcha a Ling: mmm, uu, aa, ii, shh, sss. Iye amabweleza limodzi limodzi. Akaphonya sss kapena shh, nimaona batire, nimaona ngati phula la m'khutu latseka kabowo, kapena ngati mwalowa chinyezi, makamaka nthawi ya mvula. Vikapitilila masiku awili, nimasiya ntchito n'kukwela basi kubwelela kuchipatala. Tsiku limenelo ndalama imanipita, koma bola.

Dzulo namutuma saladi na sopo. Wabwela navo vonse viwili. Chenji wagula ma Jiggies.