Netiweki ikathawa ku Rufunsa, tsegulani buku

Mukakwera basi pa Intercity kupita ku Chipata, foni imakusangalatsani mpaka pa Chongwe chabe. Mukapitako mwalowa m'boma la Rufunsa: mapiri, thengo, masaka a malasha m'mbali mwa Great East Road, ndipo netiweki imayamba kubwera n'kupita monga malaiti a m'komboni. Manje muzachita chani maola onse aja? Nyamulani buku.

Ndidziwa, ambiri tinasiya kuwerenga tsiku lomwe tinalemba mayeso omaliza. Vuto ni lakuti anatiyambitsa ndi mabuku ouma. Yambani ndi nthano.

Pa Chinyunyu, pamene madzi amatuluka pansi ali otentha, nthunzi ili tolotolo, tsegulani Akata Witch ya Nnedi Okorafor, ya mu 2011. Ni nkhani ya Sunny, mtsikana wachialubino wa ku Nigeria wokonda bola, amene azindikira kuti ali ndi mphamvu zamatsenga. Chizungu chake n'chofewa, ndipo misika ndi makolo okalipa muzaona monga ni kwathu kuno.

Koma buku la msewu uno ni The Hobbit ya J.R.R. Tolkien, ya mu 1937. Bilbo ni kamunthu kafupi, kokonda kudya ndi kukhala pakhomo. Tsiku lina alendo 13 amudyera zonse za m'nyumba, ndipo m'mawa mwake apezeka ali nawo paulendo wokalanda chuma kwa Smaug, chinjoka cholavula moto chogona m'phiri. Masamba oyamba amayenda pang'onopang'ono monga thiraki pachitunda, limbani mtima. Basi ikafika pa Manenekela, tsekani buku. Makona aja mukawerenga mungasanze pa mnzanu. Yang'anani pawindo, muone maphompho, muzamvetsa mantha a Bilbo.

Ngati Chizungu chikulemerani, funani Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe wa ku Malawi, mmene kambalame kamaulula mlandu wakupha. Agogo amene anali kumvera Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo azakulandani.

Harry Potter sindinamuiwale, koma uja ali ndi omukamba ambiri kale.

Musanakwere, zungulirani ogulitsa mabuku akale m'makolido a m'tauni, ndipo mtengo woyamba musavomere. Mukafika pa Luangwa Bridge gulani nsomba zouma, koma muziike m'pulasitiki yake. Langa The Hobbit likali kununkha mpaka lero.