Wophika wa ku Galicia pa Lamulungu

Anthu amene anachoka ku Galicia, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Spain, n'kukakhazikika ku Buenos Aires anali ochuluka moti mpaka lero ku Argentina munthu aliyense wa ku Spain amamutchula kuti gallego, ndipo mu 1907 anakhazikitsa bungwe lothandizana pa matenda lotchedwa Centro Gallego. Ambiri anayamba ndi kutsuka mbale m'malesitilanti, kenaka n'kukhala ophika, ena mpaka n'kutsegula malo awoawo.

Chodabwitsa n'chakuti wophika wotere akamwalira, ana ndi adzukulu sakumbukira kwenikweni zakudya zimene ankagulitsa, koma tortilla ya pa Lamulungu, yomwe ndi mazira okazingira pamodzi ndi mbatatesi zoduladula, imene bamboyo ankaitembenuza ndi mbale yovundikira pachiwaya mwachangu kuti isagawanike, manja ake ali ndi zipsera za mafuta otentha. Chigalisiya chili ndi mawu akuti morriña, kutanthauza kupukwa kwawo kumene sikutha ngakhale munthu atakhala kunja zaka 50, ndipo zikuoneka kuti amuna ambiri otere, omwe sankakonda kulankhula za kumudzi, ankaonetsa kupukwako pophika.