Njala ya Mbuzi Yokhuta

Ambiri a ife amene tili pasukulu pano tidakula tikuweta mbuzi, ndipo munthu akatifunsa chakudya cha mbuzi timayankha msanga kuti ndi udzu, masamba ndi madeya. Yankho limeneli ndi loona, koma ndi losakwanira, makamaka ikakhala mbuzi yokamidwa mkaka. Ilipo njala ina imene imagwira mbuzi ngakhale mimba yake ili yodzaza, ndiyo njala ya michere yofunika m'thupi. Ndafuna kukuuzani za njala imeneyi, anzanga, pakuti ndidaiona ndi maso anga, ndipo idatsala pang'ono kutilanda chuma chathu.

Mbuzi zathu za makolo zimatulutsa mkaka wochepa, wongokwanira ana ake. Koma ilipo mitundu ina, monga Saanen ndi Toggenburg, yochokera ku Switzerland, imene anthu amaweta chifukwa cha mkaka. Kwathu amayi adalandira msoti woyera, wa tonde wa Saanen ndi mkota wakuno, pa ndondomeko ija yopatsirana ziweto, pangano lake lili lakuti mwana wamkazi woyamba tidzampereke kwa banja lina. Mbuziyo itaswa, mkaka wake udakhala wothira m'phala la mng'ono wanga, ndipo wotsala amayi ankagulitsa, napeza ndalama ya sopo ndi ya ulendo wanga wobwera kuno.

Pa tchuthi cha mu Ogasiti ndidapeza mbuzi ija itasintha makhalidwe. Inkanyambita khoma la khitchini mpaka kusiya kadzenje, inkatafuna chingwe chake, ndipo tsiku lina tidaipeza kudzala ikukukuta fupa monga galu. Mkaka unali utachepa, ubweya utanyankhalala, chikhalirecho madeya inkadya tsiku ndi tsiku. Anthu ena ankati ndi mbuzi yaumbombo chabe. Agogo okha ndiwo adati, "Iyi ikulira mchere," natikumbutsa kuti ziweto zikapeza chikungu, dothi lija lamchere limene makolo ankatchezamo mchere kufupi ndi nyanja ya Chilwa, zimanyambita osafuna kuchokapo. Alangizi a ziweto atabwera adavomereza mawu a agogo, ndipo adaonjeza kuti sunali mchere wa m'ndiwo wokha umene unkasowa.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Mu lita imodzi ya mkaka wa mbuzi muli kashiamu wokwana pafupifupi magalamu 1.3, ndi fosifolasi pafupifupi galamu imodzi. Michere iwiriyi ndiyo imamanga mafupa ndi mano. Tsono mbuzi yopereka malita 2 pa tsiku, ikakamidwa masiku 200, yatulutsa kashiamu woposa theka la kilogalamu. Kodi ameneyu achokera kuti? Akapanda kupezeka m'chakudya, thupi limamutenga m'mafupa a mbuzi yomweyo, kotero kuti ife tikamakama timakhala ngati tikuzula njerwa pakhoma la nyumba imene tikugonamo. Asanayambe n'komwe kukamidwa, mkota amakhala atanyamula bere masiku pafupifupi 150, akumanga mafupa a ana ndi michere ya m'thupi mwake. Nthawi zina kashiamu amachepa mwadzidzidzi m'magazi mbuzi itangoswa, ndipo imanjenjemera, nigwa, nilephera kudzuka. Pamenepo pafunika kuthamangira dokotala wa ziweto kuti aibaye jekeseni, pakuti kuchedwa ndi imfa.

Chodabwitsa ndi chakuti kuchuluka kwa chakudya sikuthetsa vutoli. Madeya ali ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pamene masamba a nandolo, a mtedza, a lukina ndi a gilisidiya ali ndi kashiamu wochuluka. Thupi la mbuzi limafuna magawo awiri a kashiamu pa gawo limodzi la fosifolasi. Munthu wokonda mbuzi yake, woithirira madeya okhaokha mpaka kusefukira, akhoza kuiwononga ndi chikondi chomwecho. Atonde ndi mifule ndiyo imavutika koposa, chifukwa madeya akachuluka timiyala timamera m'chikhodzodzo ndi kutseka njira ya mkodzo.

Komanso mbuzi yodalira udzu wouma wa m'chilimwe imasowa fosifolasi, pakuti udzu ukakhwima ndi kuuma mchere umenewu umachepamo. Ichi ndicho chimachititsa ziweto kukukuta mafupa, ndipo ndi chizolowezi choopsa. Ku South Africa ng'ombe zambiri zinkafa ndi nthenda yofooketsa miyendo, anthu osadziwa gwero lake, mpaka mu 1919 pamene dokotala wa ziweto, Arnold Theiler, adapeza kuti ng'ombezo zinkadya mafupa a nyama zowola chifukwa chosowa fosifolasi, ndipo poizoni wa m'mafupamo ndiye ankazipha. Nditamva zimenezi ndidakumbukira fupa lija la kudzala, mtima wanga nugunda.

Mchere wa m'ndiwo ndiwo wosavuta kupeza, ndipo mbuzi yokamidwa imafuna pafupifupi magalamu 10 pa tsiku, ndiwo timasipuni tiwiri ta tiyi. Ukhale wokhala ndi ayodini, monga umene timagula m'sitolo, chifukwa mkota wosowa ayodini amabala ana ofooka, otupa pakhosi ndi chithokomiro, ena opanda ubweya, ena akufa kale.

Ilipo michere ina yofunika pang'onong'ono zedi, koma ikasowa ntchito yonse imaima, monga njinga imaima chifukwa cha kamtedza kamodzi kotayika. Kopa akasowa ubweya umasuluka, ndipo ana amabadwa odzandira miyendo yakumbuyo. Kobati amathandiza tizilombo ta m'chifu kupanga vitamini B12, ndipo popanda iye mbuzi imaonda pakati pa msipu. Seleniyamu akasowa minofu ya ana imafooka mpaka kulephera kuyamwa. Ndipo nthaka ya madera ambiri a dziko lathu ili ndi seleniyamu wochepa amene zomera zingathe kutenga. Michere imeneyi sitiyesa ndi sipuni kunyumba, pakuti ikapitirira muyeso imasanduka poizoni. Imagulidwa yosakaniza kale, ndipo pogula tiyenera kunena kuti ndi ya mbuzi, chifukwa ya nkhosa amaichepetsa kopa, popeza nkhosa zimafa naye msanga.

Zimene alangizi adatiuza sizinali zovuta. Tidakhomera kabokosi pakhoma la khola, pamalo osafika mvula ndi ndowe, ndipo m'menemo tidaika mchere wosakaniza ndi michere yogula ija kuti mbuzi izinyambita ikafuna. Madeya tidachepetsa, ndi kusakanizamo pang'ono makoko a mazira okazinga ndi osinja bwino. Masamba a mtedza, amene kale ankangotsala m'munda, abambo adayamba kuwaumitsa pamthunzi ndi kuwasunga patsindwi. Madzi oyera sankasowa m'ndowa, pakuti chiweto chonyambita mchere chimamva ludzu, ndiponso gawo lalikulu la mkaka ndi madzi. Masiku anga a tchuthi asanathe mbuzi idaleka kunyambita khoma. M'kalata imene ndidalandira mu Novembala amayi adalemba kuti mkaka wabwerera, ndi kuti kamsoti kaja kapita kwa eni ake kali konenepa, ngongole yathu yatha.

Akulu adati kupatsa n'kuika. Mbuzi yamkaka imatipatsa za m'mafupa ake m'mawa uliwonse, ndipo ilibe pakamwa ponenera chimene ikusowa. Imanena ndi lilime pakhoma ndi mano pachingwe. Ife amene makolo akutilipirira sukulu taphunzira mayina a michere imeneyi m'kalasi ya sayansi ndi ya zaulimi, ndipo nkosayenera kuti nzeruzo zithere papepala la mayeso. Tsono, anzanga, mukapita kwanu tchuthi chikubwerachi, lowani m'khola, muyang'ane ubweya, miyendo ndi makoma. Mukaona zizindikiro ndanenazi, musaitukwane mbuzi kuti ndi yaumbombo. Uzani makolo mwaulemu, muitane alangizi, ndipo mukhome kabokosi ka mchere musanabwerere kuno.